Tembenuzani paketi musanalipire

Abale anga a ku Salima, makamaka amene muli ndi mphumu kapena ana odwala mphumu, mukamagula masoseji ndi tchipisi za m'firiji pa Kamuzu Road, muziyamba mwawerenga kuseri kwa paketi. Zina amathiramo mankhwala otchedwa sulphite kuti zisawonongeke msanga komanso zisade. Amalembedwa ndi manambala E220 mpaka E228. Kwa anthu ambiri savuta, koma ena amabanika nawo pachifuwa, ena amatuluka zidzolo zoyabwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ogulitsa ena amatsegula paketi n'kumagawa masosejiwo m'majumbo opanda cholembedwa chilichonse. Mayi wa mwana wa mphumu adziwa bwanji? Muziwauza akuonetseni paketi yake. Akakana, kuli bwino kukagula chambo chachiwisi ku Senga Bay.