Eni ake Chingerezi nawonso sagwirizana

Anzanga, lero ndangoti kukamwa yasa. Ndimamvetsera munthu wa ku Canada akuyankhula, ndipo "cot" ndi "caught" amawatchula chimodzimodzi, osasiyanitsa olo pang'ono. Wa ku London amawasiyanitsa bwinobwino, koma kwa iye "court" ndi "caught" ndiye amamveka ngati liwu limodzi, chifukwa "r" uja amangomumeza.

Kumwera kwa America nako, ngati ku Texas uko, "pin" ndi "pen" n'chimodzimodzi, mpaka ena amachita kunena kuti "ink pen" kuti amvane.

Ndiye ine wokula ndi mavawelo asanu okha a Chichewa, mundisekeranji ndikasokoneza "ship" ndi "sheep"? Tandiuzani, inuyo "caught" mumamutchula bwanji?