Geni yathu ya ma orchid inayambira mu bini

Ndinafika ku Joni kuno ndi kachikwama kamodzi ngati anzanga ambiri, ntchito yoyamba inali ya m'gadeni ku Randburg, kutchetcha kapinga, kusesa masamba, kutsuka galimoto. Madamu apakhomopo ankakonda kugula ma orchid, aja a maluwa oyera ndi apinki mumawaona ku Woolworths aja, dzina lake Phalaenopsis. Amakhala patebulo miyezi iwiri itatu, maluwa akangoyoyoka basi, mu bini. Ine zinkandipweteka mtima, masamba ali biriwiri chonchi chinthu nkutayidwa. Tsiku lina ndinalimba mtima nkupempha, anangoti tenga.

Anayi oyambawo anafera m'manja mwanga. Ndinachita zomwe tinazolowera kumudzi, dothi lakuda, manyowa, kuthirira m'mawa ulionse ngati nazale ya fodya. Mwezi usanathe mizu yonse inali itaola, ukaitsina imangotuluka madzi nkutsala kaulusi mkati. Amene ananditsegula maso ndi mdala wina wa ku Zimbabwe amagwira ntchito pa nazale ina ku Honeydew, anandiuza kuti ichi kwawo ndi ku Asia, ku Philippines ndi Indonesia uko, ndipo sichimera pansi ayi, chimakakamira pamtengo mizu ili pambalambanda kumamwa mvula ndi nkhungu. Pompo ndinakumbukira zija tinkaziona zitamatirira panthambi m'phiri la Zomba, sitinkaziwerengera nkomwe. Kwathu ma orchid ngambiri abale, ku Nyika kokha mitundu yake imaposa 200, ndipo chinaka chija amadya kumpoto amapanga kuchokera ku timbatata ta ma orchid omera m'dothi. Koma a mushopuwa dothi ndi imfa yawo.

Nde lero ntchito yathu ine ndi mayi akunyumba ndi imeneyi. Munthu amatitumizira chithunzi pa WhatsApp kuti langa lafa, ife timati dikirani kaye tione mizu. Tikalitenga timaliviika kaye m'madzi mphindi 10 kapena 15 kuti mizu ifewe isamathyoke, kenako kulizula pang'onopang'ono. Mkatikati mwa mizu nthawi zambiri mumapezeka kachibuluma ka ndere kapena kasiponji komwe analeleramo likadali laling'ono, chimenecho chimasunga madzi masiku ndi masiku ndipo ndi chomwe chimaoletsa ambiri, timachitokosa ndi zala mpaka chichoke chonse. Muzu wamoyo umakhala wolimba, ukauma umaoneka wotuwa ngati siliva, ukaunyowetsa umasanduka wobiriwira. Wabulauni wofewa kapena wouma ngati udzu timadula, sizasi titaipukuta kaye ndi spiriti, ndipo timapukutanso tisanagwire lina chifukwa matenda amayenda pa sizasi pomwepo.

Poto timakonda wapulasitiki woonekera mkati wokhala ndi mabowo ambiri pansi, kuti mwiniwake aziona yekha mizu. Ndipo asakule kwambiri. Apa ndi pomwe timalimbana ndi makasitomala, amafuna chimphika chachikulu chokongola, koma makungwa akachuluka sauma msanga ndiye kuola kumayambiranso. Timathiramo makungwa a paini oduladula, nthawi zina timasakaniza timakala pang'ono, kumagogoda poto pambali kuti alowe pakati pa mizu, osatsendera ayi. Mizu ija imatulukira kunja nkumalendewera m'malere musaidule, musaikwirirenso mokakamiza, ndi chilengedwe chake. Makungwa akatha chaka chimodzi kapena ziwiri amafumbutuka nkukhala ngati dothi, ndiye mwafika posintha, makamaka maluwa akatha.

Kuthirira, nthawi yotentha kamodzi pa sabata, nthawi yozizira mpaka masiku 10 kapena kuposa, koma ine ndimati funsani mizu osati kalendala. Thirani m'mawa pa sinki madzi adutse onse, asakhale m'mbale yapansi. Madzi akalowa pamchombo pakati pa masamba paja pukutani ndi tishu, akagona pamenepo pamaola ndipo likaolera pamenepo kawirikawiri latha. Za kuthirira poika ayisi m'poto zija ine sindigwirizana nazo, chomera cha kotentha ichi. Feteleza pang'ono chabe, theka la mlingo walembedwa pabotolo. Tizilombo toyera ngati thonje tobisala kunsi kwa masamba timachotsa ndi kathonje koviika mu spiriti.

Chomwe chinatiliza ndi chisanu. Joni ili pamwamba, mamita oposa 1,700, June ndi July usiku kumazizira koopsa mpweya uli gwaa wouma. Chaka chachiwiri tinasiya shelefu yonse pakhonde usiku umodzi wokha, kutacha masamba anali atalobodoka ngati nkhwani wofutsa, ndipo ena mwa iwo anali a makasitomala. Tinagula ena nkubweza ndi ndalama ya lendi, mayi akunyumba sanadye tsiku limenelo. Panopa May akangolowa onse amagona m'nyumba, kutali ndi galasi la windo komanso kutali ndi hita. Panja pansi pa shedi neti timasiya ma Cymbidium okha, mtundu wina wa ma orchid, amenewo amapirirako kuzizira bola chisanu chisawagwere, neti yomweyo imatchinganso matalala a dzinja. Windo labwino kuno ndi loyang'ana kum'mawa, lakumpoto dzuwa lake limawaula masamba. Komabe kuzizirira kwa usiku kuja kwa April ndi May nkofunika, nkomwe kumadzutsa phesi latsopano la maluwa.

Makasitomala ambiri abwera kudzera mwa achimwene ndi achemwali athu ogwira m'nyumba za ku Fourways, Bryanston ndi Sandton, akaona bwana akufuna kutaya amati pali m'bale wathu amakonza. Ena timasinthira poto pakhomo pawo pomwepo, ena timawasungira kwathu ku Cosmo City mpaka atatulutsa phesi. Sabata yathayi ndinabweza limodzi kwa gogo wina wachizungu, linali mphatso yomaliza ya malemu amuna awo, linabwera ndi mizu iwiri yokha yamoyo. Lakhala nafe miyezi 14. Ndinalinyamula pamiyendo mu taxi njira yonse, dzanja limodzi nditatchinga phesi lija, lili ndi timphukira 7, tiwiri titamasula kale.