Dzino la mtsikana wa ku Domwe

Lolemba ndinapeza anthu awiri atakhala kale pabenchi, chitseko cha chipatala chathu cha mano chisanatsegulidwe. Wina anali bambo wachikulire wovala jekete, wina mtsikana wa zaka 14 atafunda kapulana kumutu. Jeketelo linandiuza kwawo ndisanafunse. Mwezi wa Okutobala muno mumzinda wa Tete, dzuwa likufika madigiri 40, wovala jekete ndi munthu wa kumapiri a ku Angónia basi. Nditawapatsa moni m'Chichewa, nkhope ya bamboyo inamasuka. Anachokera ku Domwe, anakwera chapa, minibasi zathu zakuno, pa Ulongwe, kudzera pa Mussacama ndi Moatize, n'kugona kwa mbale wawo ku Matundo.

"A dotolo, uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Mungolizula, tizibwerera lero lomwe."

Mawu amenewa ndimawamva tsiku lililonse. Anthu athu amadziwa mankhwala amodzi okha a dzino lowawa, kuzula, ndipo sindiwada chifukwa m'zipatala zambiri zakumudzi ndicho chokha chimene chimatheka. Ine ntchito yanga yeniyeni ndi ya mizu. Pachipwitikizi timati tratamento de canal, anthu amati kupha mtsempha wa dzino, ndipo anzanga a m'maboma akaona dzino lofunika kulipulumutsa amalitumiza kuno.

Tsaya lamanzere la mtsikanayo linali lotupa. Dzino lovutalo linali loyamba lotafunira la m'munsi, limene ife timalitchula nambala 36. Dzino limeneli limamera mwana ali ndi zaka 6, kumbuyo kwa mano aubwana, popanda lina logweruka kuti lilipatse malo. Ndiye makolo amaliyesa laubwana, likayamba kuola amati lisiyeni lidzagweruka lokha. Siligweruka. Ndi dzino la moyo wonse, ndipo ndi limene limasenza ntchito yaikulu yotafuna. Pamwamba pake panali kabowo kakang'ono chabe, koma chikomekome cha mkuyu. Titajambula, m'kati munali mphako, ndipo kunsonga kwa mizu kunali mthunzi wakuda, kusonyeza kuti fupa layamba kudyeka.

Ndinawaonetsa amalumewo chithunzicho. Ndinawauza kuti dzino si mwala, m'kati mwake muli kamnofu ka mitsempha kamene kamatsika m'timipata mpaka kunsonga kwa mizu. Kuola kukafika pamenepo kamnofuko kamatupa, koma kali m'chipinda cholimba chosafutukuka, n'chifukwa chake munthu sagona usiku. Kenako kamafa, ululu n'kuleka, munthu n'kumati ndachira. Pamenepo tizilombo ndiye tapeza nyumba, chifukwa magazi safikamonso, ndipo mapiritsi a amoxicillin ogula pamsika, amene mtsikanayu anamwa kawiri konse, sangalowe m'menemo. Amangophwetsa chotupa kwa masabata ochepa.

"Nanga mbozi ija imadya dzinoyo muichotsa?"

Ndinayankha kuti mulibe mbozi, koma chimene ndichotsemo akachiona adzaitcha mbozi ndithu. Anaseka. Kenako anafunsa mtengo, n'kusiya kuseka. Kuzula n'kotsika mtengo kwambiri, ndipo kumatha tsiku limodzi. Izi zimafuna maulendo awiri kapena atatu. Ndinawauza mosabisa kuti akalizula ali ndi zaka 14, dzino lakumbuyo lidzapendekera m'mpatamo, lam'mwamba lidzatsika posowa lokumana nalo, ndipo mwanayu adzatafunira mbali imodzi mpaka kukalamba. Anatuluka panja kukaimbira foni mlongo wawo. Anakhalako nthawi, n'kubwera ndi mawu amodzi, "Chitani."

Ndinabaya jekeseni wa dzanzi, ndipo mayi amene amandithandiza anakoleka kansalu ka labala kuzungulira dzinolo, kuti malovu asalowemo ndiponso kachitsulo kakandipulumuka kasagwere kukhosi. Nditangobowola, mafinya anatuluka okha, ndi fungo limene aliyense wa ntchito ino amalidziwa. Mtsikanayo anausa moyo ngati watula mtolo wa nkhuni. Ndinapeza timipata titatu, tiwiri m'muzu wakutsogolo, kamodzi m'muzu wakumbuyo. Timatsuka ndi tizitsulo tonga singano totchedwa lima, ndipo toyambira timakhala tating'ono zedi, nsonga yake gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Kamakina kena kamalira lima ikafika kunsonga kwa muzu, kuti tisapitirire. Koma chimene chimapha tizilombo kwenikweni si chitsulo, ndi madzi otsukira. Ndi mankhwala a mtundu womwe uja wa mu Javel woyeretsera zovala ndi mu Certeza wothira m'madzi akumwa, kungoti wathu ndi wokonzedwera ntchito imeneyi, ndipo timauthira mosamala chifukwa ukadutsa kunsonga kwa muzu umaotcha mnofu koopsa. Pomaliza ndinadzazamo phala loyera la calcium hydroxide, n'kumata pamwamba ndi chomatira chongoyembekezera.

Ndinawauza kuti abwerenso pakatha masabata awiri. Ndinabwereza katatu, n'kulemba papepala, n'kutenga nambala ya amalumewo. Iwo anangoti, "Zikomo, tamva."

Lachiwiri linali lozula basi. Mano asanu ndi limodzi, onse ofika mochedwa, otsala zitsa zokhazokha. Mayi wina anali ndi chilonda choyera pankhama chifukwa chogoneka piritsi la aspirin pambali pa dzino usiku wonse. Ndaonapo oikamo fodya wosinja, mchere, mafuta a galimoto, ngakhale madzi a m'batire.

Lachitatu ndiye linandituluza thukuta. Mphunzitsi wina wa ku Furancungo anamuchita ntchito ya mizu chaka chatha kwina kwake, dzino lam'mwamba lotafunira, koma limamuwawabe akaluma. Pachithunzi timipata titatu tinali todzazidwa bwino. Sindinamunyoze amene anagwira ntchitoyo, chifukwa ndimadziwa chimene chimachitika. Dzino limeneli nthawi zambiri limakhala ndi kampata kachinayi, kobisika pafupi ndi kena m'muzu wakutsogolo wa mbali ya tsaya, ndipo khomo lake limatha kuphimbika moti wopanda magalasi okulitsa amangolidutsa. Ndinachotsa chomatira, n'kuyamba kusaka. Mphindi 20 osaona kanthu. Kenako magetsi anazima, mpweya wozizira n'kuleka, ndipo pofika pamene injini inalira, malaya anali atandimata pamsana. Aphunzitsiwo, kukamwa kuli yasa, anangondiyang'ana ndi maso ofunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditathira madzi otsukira aja ndinaona timathovu tikutumphuka pa kadontho kamodzi, ndipo lima yaing'ono kwambiri inagwira pomwepo, n'kutsika pang'onopang'ono. Palibe amene anaomba m'manja, koma ine madzulo amenewo ndinawoloka mlatho wa Samora Machel ndikuimba mluzu ngati mnyamata.

Lachinayi kunabwera mnyamata wotupa pansi pa chibwano mbali zonse, lilime litakankhidwira m'mwamba, akulephera kumeza malovu. Ameneyo si wa pampando wanga. Chotupa chotero chimatha kutseka njira ya mpweya, munthu n'kufa ndi dzino. Ndinalemba kalata n'kumuthamangitsira kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, ndipo achimwene ake anandiuza mawa lake kuti amugoneka, amung'amba, akupuma bwino.

Lachisanu nditatsegula chitseko ndinaona nkhope yodziwika. Dalaivala wa galimoto zazikulu za pamsewu wa ku Zóbuè, amene ndinamutsegula dzino mwezi wa Epulo. Anayenera kubweranso patatha masabata awiri. Ndinamuimbira kanayi, foni osayankha.

"Pepani a dotolo, linasiya kuwawa, ndiye ndinati zatheka."

Vuto la ntchito yathu lagona pamenepa. Ulendo woyamba umachotsa ululu, koma sumaliza kanthu. Dzino limatsala lopanda kanthu m'kati, makoma ake owonda, lotsekedwa ndi chomatira chopangidwira masabata ochepa. Chomatiracho chikaperepeseka malovu amalowanso, tizilombo n'kubwerera. Ulendo wachiwiri ndi umene timadzaza timipata tija ndi gutta-percha, utomoni wa mtengo wina wa ku Malaysia ndi maiko oyandikana nalo, kuti pasatsale malo okhala tizilombo. Kenako pamafunika chomatira cholimba, ndipo dzino lotafunira limafunanso chisoti, chimene timati coroa, choligwira kuti lisang'ambike. Koma munthu amene sakumvanso kuwawa umamuuza bwanji kuti ataye tsiku la ntchito ndi ndalama ya ulendo? Mwendo ukathyoka amaona yekha pulasitala. Dzino limangoti zii.

La dalaivalayo linali litang'ambika pakati mpaka kumuzu. Anati analuma fupa la mbuzi pa Moatize. Dzino long'ambika motero palibe dotolo amene angalilumikize. Ndinalizula m'zidutswa ziwiri, ndipo iye analipira kawiri, ndalama ya Epulo ija ndi ya tsikulo, n'kutuluka ndi gweru lomwe ankalithawa. Sindinamukalipire. Ndinadzifunsa ngati mu Epulo ndinafotokoza mokwanira, kapena ndinangothamangira wodwala wotsatira. Anzanga ena amakonda kumaliza zonse tsiku limodzi kwa odwala ochokera kutali, ndipo dzino likakhala louma, lopanda mafinya, inenso ndimatero. Koma kutseka mpata umene ukuchucha mafinya n'kumangira matenda m'nyumba.

Loweruka timaweruka masana. Ndisanatseke ndinatenga foni kuimbira ku Domwe. Inalira nthawi yaitali, kenako amalume aja anayankha, mphepo ikuwomba kumbuyo, zikuoneka kuti anali kudimba.

"Aa, a dotolo! Mwanayu ali gwa. Tsaya linaphwa Lachitatu lomwe. Dzulo amakukuta chimanga chokazinga."

Mtima wanga unadumpha. Ndinawapempha kuti chimanga chokazinga, mzimbe ndi mafupa aziiwale kaye mbali imeneyo. Ndinawafotokozera za dalaivala uja, osamutchula dzina, zidutswa ziwiri zija ndi ndalama yotayika kawiri.

Anakhala chete pang'ono. "Ndiye kuti kubwerako n'kofunikadi? Paja chapa ndi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera."

Ndinati n'kofunika, ndipo ngati Lolemba lija silitheka, andiuze tsiku lina la sabata yomweyo, ndidzawasungira malo m'mawa kuti apeze chapa yobwerera masana. Anati mbatata zawo akumba Lachinayi likubwerali, ogula akafika ndi galimoto aona mmene ziyendere. Kumbuyo ndinamva mawu a mayi akufunsa kuti ndani, amalumewo n'kuyankha kuti ndi dotolo wa ku Tete uja. Mayiwo ananena china chake chimene sindinachimve, foni n'kuduka.

M'buku ndalemba dzina la mtsikanayo pa Lolemba, 8 koloko m'mawa, ndi pensulo.