Linga Limene Silinamangidwe ku Heian-kyō

Kwa milungu itatu ndakhala ndikuwerenga za kamangidwe ka mizinda yakale ya ku Japan, ndipo zonse zinkandionekera ngati mndandanda wa katundu wobwereka. Amisiri ochokera ku Baekje, ufumu wakale wa ku Korea, anadzathandiza kumanga kachisi wa Asuka-dera kuyambira mu 588, mzinda wa Nara unatengera kamangidwe ka Chang'an, likulu la China la nthawiyo, mu 710, Heian-kyō, yemwe lero ndi Kyoto, anachitanso chimodzimodzi mu 794. Ndinaloweza zonsezi koma mtima sunakhazikike, chifukwa ngati nkhani yake inali yongokopera, bwanji munthu akaona Kyoto wakale samusokoneza ndi mzinda wa ku China?

Mutu unatseguka usiku wa Lachiwiri lapitali. Ndinatenga pepala lopyapyala loonekera mkati, ndinajambulapo mapu a Heian-kyō ndi pensulo, kenako ndinaliyala pamwamba pa mapu a Chang'an, nditayamba ndawafananitsa kukula kwake. Zambiri zinagwirizana: nyumba yachifumu kumpoto, msewu waukulu wa Suzaku ukutsika pakati kulunjika kumwera, misika iwiri, wina kum'mawa wina kumadzulo. Nditafika m'mphepete, pensulo inasowa choti itsate. Chang'an anazingidwa ndi linga ladothi mbali zonse zinayi, pamene Heian-kyō anali ndi chipata cha Rajōmon ndi kachigawo ka khoma m'mbali mwake, basi. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti masiku onsewa ndinkafunsa zimene anthu a ku Japan anatenga, m'malo mofunsa zimene anazisiya.

Mzinda wopanda linga umatha kusendera. Chigawo chakumadzulo, Ukyō, chinali pamalo achinyontho, anthu anachithawa pang'onopang'ono, ndipo mzinda unakulira kum'mawa mpaka kuwoloka mtsinje wa Kamo, kusiya msewu umene unayenera kukhala pakati uli chakumphepete. Ndi diso lomweli ndinayang'ananso nyumba. Holo ya miyambo ya boma, Daigokuden, inali yachitchaina kotheratu, ya matailosi padenga ndi nsanamira zofiira zoimikidwa pamiyala, koma kumene mfumu inkagona, ku Dairi, denga linali la makungwa a mtengo wa hinoki, matabwa osapaka utoto, ndipo anthu ankakhala pansi. Chachilendo chinaikidwa pamene alendo ndi nduna amaona, pogona panatsala pamakolo. Ngakhale denga lobisika la holo ya Daikōdō ku kachisi wa Hōryū-ji, yomangidwanso mu 990, ndikuliona motero: zothandizira denga zachitchaina zikuoneka pansi, koma pamwamba pake pali denga lina lotsetsereka kwambiri loti lithane ndi mvula ya kwawoko.

Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti kujambula ndi dzanja kumaposa njira ina iliyonse yophunzirira phunziroli, ndipo wosajambula sangalimvetse. Chimandipweteka n'chakuti mphunzitsi wathu anathera ola limodzi lokha pa mizinda itatu, akungodutsitsa zithunzi ndi zaka pakhoma, ndipo mnzathu atafunsa za malinga anayankhidwa kuti sizibwera pamayeso. Tsopano kwatsala masiku khumi kuti tilembe mayeso, ndipo nthawi ya ulamuliro wa mfumu Meiji sindinaiyambe bwinobwino, kupatula sukulu ya Kaichi ku Matsumoto ya mu 1876, imene mmisiri wamatabwa wa komweko anaipatsa mawindo agalasi ndi nsanja yachizungu, n'kusemanso chinjoka pamwamba pa khomo.

Komabe pali chimene chikundisowetsa mtendere. Mu 1591 Toyotomi Hideyoshi, mtsogoleri wankhondo amene ankalamulira Japan, anazinga Kyoto ndi mtumbira wadothi wotchedwa Odoi, wotalika makilomita oposa 22. Ngati kusiya linga kunali kusankha kochokera mumtima wa anthu, mtumbira umenewu ndiuika pati? Mwina mafumu a mu 794 sanamange linga chifukwa nyanja inkawatchinga kale kwa adani, kapena chifukwa ntchitoyo inkafuna anthu ndi chuma chimene analibe. Pepala langa lija likadali pathebulo, ndipo sindinasankhebe ngati Odoi ndimujambule ndi pensulo yomweyo kapena ndi mtundu wina.