Zaka 6 za kampani yathu, ndi mpamba womwe sunabwere

Mwezi uno kampani yathu yakwanitsa zaka 6. Timapanga pulogalamu ya pafoni yothandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono kulemba zomwe aoda, zomwe agulitsa ndi omwe atenga katundu pangongole. Tinayamba tili awiri, ine ndi mchemwali wanga, pa laputopu imodzi ya batire lakufa, yoti waya ukangosololoka zonse zimazima.

Chaka chachiwiri chinatsala pang'ono kutigwetsa. Tinakumana ndi bambo wina woika ndalama m'makampani ongoyamba kumene. Anatiyamikira, natiuza kuti mpamba ndi wathu kale, tingodikira mapepala. Ife pokhulupirira tinalemba ntchito achinyamata atatu. Tinadikira miyezi 7. Mapepala atafika, tinapeza kuti bambowo akufuna masheya opitirira theka, ndiponso mphamvu yotichotsa m'kampani yathu yomwe tsiku lililonse akafuna. Tinakana kusaina, ndipo kuchokera tsikulo foni yawo inkangoitana. Sindidzaiwala m'mawa womwe ndinauza achinyamata aja kuti malipiro palibe. Mmodzi anatulutsa kiyi wa ofesi m'thumba, kumuika patebulo mwakachetechete, n'kunena kuti, "Musadandaule achimwene, tamva." Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandikalipira. Inu amene mumalonjeza mpamba pofuna kufooketsa munthu kuti adzavomere chilichonse, dziwani kuti kuseri kwa lonjezo lanulo kumakhala mabanja akudikira.

M'masiku ovutawo mchemwali wanga anandibweretsera buku la Guy Kawasaki lotchedwa The Art of the Start, lomwe linatuluka mu 2004. Chinandikoka poyamba ndi moyo wa mwini wakeyo. Anabadwira mumzinda wa Honolulu ku America mu 1954, ndipo asanalowe m'zamakompyuta ankagwira ntchito ku kampani ya mphete ndi mikanda yamtengo wapatali, komwe anaphunzira kugulitsa malonda. Mu 1983 analowa ku Apple, ndipo ntchito yake inali yokopa akatswiri kuti alembe mapulogalamu a kompyuta ya Macintosh, yomwe inatuluka mu 1984. Tangoganizani, kukopa anthu kuti akhulupirire chinthu chomwe sichinafike n'komwe pamsika! Kenako anakhala mmodzi mwa oyambitsa Garage Technology Ventures, kampani yoika ndalama m'mabizinesi atsopano, ndipo mu 2014 anayamba kugwira ntchito ndi Canva, kampani ya pulogalamu yokonzera zithunzi ndi zolengeza malonda. Ndinaona kuti uyu ndi munthu amene wakhalapo mbali zonse ziwiri za tebulo, yopempha ndi yopereka.

Lamulo lake lodziwika ndi la 10/20/30: pofotokozera oika ndalama, masilaidi (masamba oonetsa pa sikirini) akhale 10, uyankhule mphindi 20, ndipo zilembo zisachepere pa saizi 30. Ine ndinali ndi masilaidi 42 a tizilembo tonga nyerere. Nditayesa kuwadula kuti atsale 10, ndinakakamira pa silaidi yofotokoza momwe ndalama zizilowera. Ndinalibe cholembapo, chifukwa chaka chonse ndinkathamangira mwini mpamba, osati wogula.

Tinasiya kugogoda m'maofesi. Tinayamba kukhala pansi ndi eni mabizinesi mmodzimmodzi, kuonera momwe amalembera m'makope awo, n'kukonza pulogalamu motsata zimenezo. Ndalama za olembetsa oyambawo ndizo zinasanduka mpamba wathu, ndipo awiri mwa achinyamata aja tinawaitananso. Mmodzi ndi yemwe lero akutsogolera gulu lathu lothandiza makasitomala. Pa zonse zomwe tachita, chimenechi ndicho ndimanyadira kwambiri.

Zikomo kwa mchemwali wanga amene sanandisiye. Zikomo kwa mayi athu chifukwa cha mapemphero, kwa akazi anga amene anasenza banja paokha miyezi yomwe ndinalibe kanthu, kwa alamu anga omwe anatiwerengera mapepala aja usiku wonse osalipiritsa, ndi kwa antchito onse akale ndi atsopano. Makasitomala oyamba, munatipirira pamene pulogalamu inkangodzitsekera yokha, n'kumatiimbira kutiuza cholakwika m'malo motithawa. Mulungu akudalitseni.

Ngati mukadalemba ngongole m'kope, ndipo tsamba likang'ambika ndalama zanu zimapita nalo, tilembereni uthenga pano. Tidzakuikirani pulogalamuyi m'foni mwanu, tidzakopera limodzi zonse za m'kopemo, ndipo simudzasiyidwa nokha mpaka mutazolowera.