Milatho yatha, zikomo akapitawo

Dzulo madzulo ndinawoloka mlatho wachitatu mwa milatho yatsopano ija ya panjira ya m'mbali mwa mtsinje ndikukankha chikuku cha amayi. Nditafika pakati ndinaima. Sunagwedere, ndipo panalibe thabwa lolira. Amayi anatembenuka n'kufunsa kuti, "Nanga waimiranji?" Ine mawu osatuluka.

Mmene milatho yakale inalili mukudziwa nonse, sindibwereza zambiri. Matabwa oola, misomali yotuluka mitu, zogwirira zodyeka ndi dzimbiri moti ukagwira dzanja limachita kufiira. Kenako madzi osefukira aja anafukula pansi pa maziko a mlatho wapakati mpaka unapendekeka, njira yonse ya m'mbali mwa mtsinje n'kutsekedwa. Ana asukulu, apanjinga, othamanga m'mamawa, tonse tinakaunjikana kumsewu wa magalimoto. Amayi anangokhala m'nyumba miyezi yonseyo, poti chikuku sichilimbana ndi malole.

Zikomo anzanga a m'komiti, amene munatopa nane m'misonkhano yosatha ija. Zikomo inu munayenda khomo ndi khomo kusainitsa kalata yathu. Zikomo a khonsolo amene munatimva pamapeto pake. Anyamata owotcherera zitsulo, osakaniza konkire, ndi inu woyendetsa kireni amene munatsitsa mlatho wathunthu pa mabawuti ake ngati mukuika khanda pamphasa, Mulungu akudalitseni.

Koma akapitawo, inu ndiye ndilibe nanu mawu. Dzina lanu sinditchula chifukwa ndikudziwa simukonda zimenezo. Ndiyambe ndi kupepesa pagulu, poti ndinakulakwirani pagulu. Tsiku lija mutathira konkire ya maziko ntchito n'kukhala ngati yaima, ndinabwera pa mpanda ndili lawilawi, ndikukunenani kuti mukungodya ndalama. Simunandibwezere. Munanditengera pafupi, n'kundionetsa masaka onyowa amene munafunditsa konkireyo, n'kundiuza kuti konkire siuma ngati chovala padzuwa, imalimba pang'onopang'ono ikamasungidwa yachinyezi, ndipo mphamvu yake amaiyeza pa masiku 28. Ukaisenzetsa chitsulo cholemera isanakhwime, imang'aluka mkati mosaoneka. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi manyazi, koma kupepesa ndinaumira nako mpaka lero.

Ndi inunso munakana kumanga pamalo pomwe panali maziko akale. Munati mlatho wa pamtsinje nthawi zambiri sufera pamwamba, umafera pansi, pamene madzi othamanga amanyambita dothi mozungulira maziko mpaka atsale m'malere. Ndiye munakumba mozama, kutali ndi gombe, n'kuyala miyala yomangidwa m'mawaya ija kuti madzi azimenya pamenepo. Ife tinkangoona kuchedwa basi. Zitsulo zoviikidwa mu zinki kuti dzimbiri lisalowe msanga, ndinu munatilongosolera chifukwa chake zikuoneka zotuwa, ena atayamba kale kudandaula kuti penti yabedwa.

Chimene chandiliza kwambiri ndi pokwerera. Milatho yakale ija inali ndi masitepe, ndipo tonse tinazolowera kuti wa chikuku azinyamulidwa ngati katundu. Munandifunsa kamodzi kokha za amayi. Patapita masiku ndinakupezani mutagwada ndi tepi ndi levulo, mukuyeza kuti pa mamita 12 aliwonse pakwere mita imodzi yokha, osapitirira. Pamene panatsetsereka kwambiri munauza anyamata kuti agumule, ayambirenso. Anang'ung'udza, ndinawamva ndi makutu angawa. Dzulo amayi anakwera popanda wowanyamula, ndipo potsika sindinachite kukokana nacho chikuku.

Kwa aja amene nthawi ya misonkhano mafoni awo sankapezeka, koma tsiku lodula riboni anali kutsogolo pa chithunzi chilichonse, milathoyi ndi yanunso. Wolokani bwino, sitikulipiritsani.

Ambuye, inu munaona ana aja akudumpha msewu m'mawa uliwonse magalimoto akuliza mahutala, ndipo munawasunga onse. Zikomo. Muwasungenso akapitawo kumene akupita, poti ndamva kuti ayamba kale ntchito ina.

Ndatopa, abale, thupi lonse likuwawa ngati ndine ndinkanyamula zitsulozo. Amayi akuti mawa tidzuke m'mamawa, akufuna akaime pakati pa mlatho woyamba aone madzi. Akapitawo, ngati mudutsa kudzatenga zida zanu zotsala, mutipeza pamenepo. Akufuna akugwireni chanza okha.