Mapu a dziko langa: timizere toyera, mabokosi akuda ndi chilembo chosowa

Mapu a dziko lopeka limene ndikulembapo nthano yanga afika poti munthu akawaona amazindikira kuti ndi dziko. Nyanja yaitali ili pakati, mapiri ali kumwera, ndipo mitsinje yonse ikuthira m'nyanjamo kupatula umodzi wotulutsa madzi, monga uchitira mtsinje wa Shire. Koma masabata apitawa sindinawonjezere mudzi ngakhale umodzi. Nthawi yathera pa zinthu zachilendo zimene sikirini imandionetsa, zomwe ine sindinajambule. Ndikulemba pano kuti anzanga amene mukugwiritsa ntchito laputopu yakale ngati yanga musafufute ntchito yabwino chifukwa cha vuto limene silili m'mapumo.

Pulogalamu yanga imayenda mu browser. Imagawa dziko m'timagawo tambirimbiri ta makona osiyanasiyana, totchedwa Voronoi potengera dzina la Georgy Voronoy, katswiri wa masamu amene analemba za kagawidwe kameneka mu 1908. Kagawo kalikonse kali ndi kukwera kwake, mvula yake ndi mtundu wake. Zonsezi zimasungidwa ngati SVG, kutanthauza kuti fayilo imasunga malangizo a kajambulidwe, osati chithunzi chomalizidwa. Nthawi iliyonse mukakulitsa kapena kusuntha mapu, kompyuta imajambulanso mwatsopano. Pamenepo ndi pamene zinthu zimasokonekera.

Choyamba chinali timizere toyera, toonda kwambiri, toyenda m'malire a timagawo tonse. Nkhalango yanga inkaoneka yong'aluka. Ndikakulitsa pang'ono timizereto tinkasowa pena n'kutulukira pena. Chimenechi ndicho chinandiuza kuti si vuto la fayilo, chifukwa mng'alu weniweni ukanakhala pamalo amodzi n'kumakula pamodzi ndi mapu.

Chifukwa chake chinandisangalatsa nditachimvetsa. Malire a timagawo tiwiri akadutsa pakati pa pixel imodzi (kadontho kamodzi mwa timadontho topanga chithunzi pa sikirini), kompyuta siingapake theka la pixel. Imapaka yonse, koma mopepuka, kuti m'mphepete musaoneke mano. Njira imeneyi ndi anti-aliasing. Kagawo koyamba kamaphimba 50 peresenti ya zimene zili pansi. Kachiwiri kamabwera n'kuphimba theka la zotsalazo, osati zonse. Zikaphatikizana zimafika 75 peresenti, ndipo 25 peresenti yotsalayo ndi mtundu wa pansi umene ukusuzumira. Zili ngati mphasa ziwiri zoyalidwa mogundana koma osasanjikiza: pakati pake dothi limaonekabe. Kwa ine pansipo panali poyera, n'chifukwa chake timizereto tinali toyera.

Mankhwala ake alipo awiri, ndipo onse ndawayesa. Mutha kupatsa kagawo kalikonse mzere wozungulira woonda, wa mtundu wofanana ndi wa m'kati mwake, kuti timagawo tisanjikizane pang'ono. Kapena muyale mtundu umodzi wobiriwira pansi pa mtunda wonse, kuti chosuzumiracho chifanane ndi cha pamwamba. Ine ndakonda njira yachiwiri chifukwa siilemetsa fayilo. Palinso lamulo la SVG lotchedwa shape-rendering, limene mukaliika pa crispEdges timizere timatheratu, koma gombe la nyanja yanga linasanduka masitepe. Ndinalibweza msanga. Gombe losalala ndimalifuna kuposa china chilichonse pa mapuwa.

Vuto lachiwiri ndilo linandidetsa nkhawa zedi. Ndikakulitsa dera la mapiri, mabokosi akuda ankatulukira n'kumeza zigwa zathunthu, nthawi zina nyanja yonse n'kuzimiririka. Munthu ukaona zotere mtima umagunda, poganiza kuti fayilo yawonongeka. Ndisanakhudze chilichonse ndinasunga kope lina, kenako ndinatulutsa SVG n'kuitsegula mu Inkscape, pulogalamu yaulere. Zonse zinalimo, phiri lililonse pamalo pake. Choncho cholephera chinali makina ojambulira pa sikirini.

Apa masamu ndi amene anathandiza. Ndinali nditaika kukula kwa mapu pa ma pixel 8192 m'litali ndi 8192 m'lifupi, poganizira zodzasindikiza. Pixel iliyonse imadya ma byte anayi: ofiira, obiriwira, abuluu ndi a kuonekera kwake. Mukachulukitsa mupeza kuti chithunzi chimodzi chotere chimafuna pafupifupi 268 MB chikatambasulidwa mu memory, ngakhale fayilo yake pa disiki ioneke yaing'ono. Tsono mthunzi wa mapiri, chifunga cha m'mphepete mwa nyanja ndi maonekedwe a pepala lakale, chilichonse chimatha kufuna malo akeake owerengera. Laputopu yanga ili ndi memory (RAM) ya 4 GB, ndipo GPU yake, kachipangizo kojambula zithunzi pa sikirini, ilibe memory yakeyake, imabwereka pomwepo. Malo akatha, zigawo zina za chithunzi sizijambulidwa, n'kutsala zakuda.

Ndinayesa kuzimitsa hardware acceleration mu browser, njira imene browser imapatsira GPU ntchito yojambula. Mabokosi anatha, koma mapu anayamba kuyenda mokoka mwendo, moti kusuntha dzina limodzi kunali kudikira. Ngati njira yofufuzira ndi yabwino, chifukwa imatsimikiza kuti vuto lili ku GPU, koma siyogwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Amene muli pa Chrome, lembani chrome://gpu pamalo a adiresi, muona zimene GPU yanu ikugwira ndi zimene yasiyira purosesa.

Chimene chinathetsa nkhaniyi ndi funso loti ndikufuna kusindikiza pa pepala lanji. Yankho ndi A3. Pepala la A3 ndi mamilimita 297 ndi 420, ndipo pa 300 dpi (madontho 300 pa inchi iliyonse) limafuna ma pixel 3508 ndi 4961 okha, pafupifupi 70 MB. Zoposa pamenepo wosindikiza sadzazionetsa n'komwe. Nditatsitsa kukula kwake, n'kuzimitsa mithunzi ndi chifunga pa nthawi yojambula, mabokosi sanabwerenso ngakhale hardware acceleration ili yoyatsa. Zokongoletsazo ndimaziyatsa pokhapokha potulutsa chithunzi chomaliza. Driver wa GPU, pulogalamu yoiyendetsa, ndinaikanso watsopano usiku, pamene bandulo imatsika mtengo, koma kusintha kwakukulu kunabwera ndi kukula kwa mapu.

Lachitatu ndi laling'ono koma limandikhudza. Mayina a midzi ndi mitsinje m'dziko langa ndi achichewa, ndipo ena ali ndi ŵ. Font (mtundu wa kalembedwe ka zilembo) yokongola ya zilembo zakale imene ndinasankha inalibe chilembochi. Pa sikirini browser inkabwereka ŵ ku font ina, moti pakati pa dzina pankaoneka chilembo chimodzi chonenepa mosiyana ndi zinzake. Pa kompyuta ya mnzanga panangotuluka kabokosi kopanda kanthu. Sindinafune kusintha mayina kuti agwirizane ndi font. Ndinasamukira ku Gentium, imene ili ndi ŵ ndi Ŵ zomwe, ndipo imawerengeka bwino ngakhale dzina litapindika motsatira mtsinje. Musanatenge fayilo kupita nayo kosindikiza, sandutsani mawu onse akhale mizere mu Inkscape, pa Object to Path, chifukwa kompyuta ya kumeneko mwina ilibe font yanu. Sungani kope lina losasandutsa, poti mawu akasanduka mizere simungawakonzenso polemba.

Chatsala chimodzi. Mitengo imene imabwera ndi mapulogalamu ambiri otere ndi ya nkhalango za ku Ulaya, ndiye ndinajambula milambe yanga pa pepala, n'kuijambula ndi foni, n'kuchotsa pepalalo mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. Pa mchenga imaoneka bwino, koma ndikaiika pa nkhalango yobiriwira kwambiri, mtengo uliwonse umazunguliridwa ndi kamzere kotuwa. Ili ndi vuto lenileni la m'fayilo, chifukwa limaonekanso m'chithunzi cha PNG chotulutsidwa: ma pixel a m'mphepete anatenga kuyera kwa pepala. Ndayesa Color to Alpha, chida cha mu GIMP chochotsa mtundu umodzi pa chithunzi, pa mlambe umodzi ndipo kamzereko kachoka, koma thunthu lake layamba kuonetsa za kuseri, chifukwa nalo linali lotuwirako. Kumapeto a sabata ino ndisankha pepala lokha ndi m'mphepete mwa mtengo, thunthu ndilisiye, ndione ngati zitheke. Zikatheka ndibwerera ku midzi ya kugombe la kumadzulo, imene idakalibe misewu.